Mbiri ya Makina Odya Makobidi

Masewera a pagalasi, amene lero mwana amasewera pafoni ya amake ali chigonere pamphasa, ngakhale kuti amalonda ndiwo adawalera kufikira atakula, sadabadwire m'nyumba ya malonda ayi, koma m'nyumba za anthu ophunzira, pakati pa makina a mtengo wapatali amene adapangidwira kuwerengera zinthu zikuluzikulu za sayansi ndi za nkhondo. M'chaka cha 1958 William Higinbotham, katswiri amene pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adagwirako ntchito ku Los Alamos kumene adasula bomba la atomiki, pofuna kuti alendo odzaona malo a kafukufuku a Brookhaven, m'chigawo cha New York, asamangoyang'ana zida zosalankhula ndi kubwerera kwawo akuyasamula, adalumikiza makina owerengera ndi kagalasi kozungulira koyezera magetsi, nachititsa kadontho kowala kuti kazidumpha ukonde monga uchitira mpira wa tenisi. Anthu adandanda pamzere kuti akhudzeko. Koma chionetsero cha chaka chotsatira chitatha, zida zija adazimasula nazibwezera ku ntchito zawo, ndipo mwini wake sadalembetse n'komwe kuboma kuti luso limeneli ndi lake. Mu 1962 Steve Russell ndi anzake a pasukulu ya ukachenjede ya MIT adalemba Spacewar! pa kompyuta ya PDP-1, momwe zombo ziwiri za mumlengalenga zinkaomberana uku nyenyezi ya pakati ikuzikoka zonse kuti iziwononge. Nawonso sadagulitse kanthu. Ankangopatsana pa timapepala tobowolabowola kuchokera pasukulu ina kunka pa ina, pakuti kompyuta imeneyo inkagulidwa madola 120,000, ndalama imene munthu wamba sakadailota ngakhale kutulo.

Amene adakwatitsa luso limeneli ndi khobidi ndi Nolan Bushnell, mnyamata wa ku Utah amene, pophunzira za magetsi, ankagwira ganyu pamalo achisangalalo otchedwa Lagoon, kumene adatola nzeru imene sukulu siphunzitsa: momwe munthu wongodutsa ndi ndalama yake m'thumba ungamuimitsire, kumukopa kuti ayese kamodzi, ndi kumusiya akukhulupirira kuti akadangoyesanso akadapambana. Iye ndi mnzake Ted Dabney adatulutsa Computer Space m'chaka cha 1971, mwana wa Spacewar! wovekedwa bokosi lonyezimira. Koma anthu a m'mabala, amene dzanja lina lidali pa tambula ya mowa, adaona kuti mabatani achuluka ndipo malamulo ake ndi otopetsa, nabwerera ku makina awo a pinball. Chaka chotsatira awiriwo adakhazikitsa kampani ya Atari, nalemba ntchito injiniya wachinyamata, Allan Alcorn. Ndipo pofuna kumuzoloweza ntchito, Bushnell adamuuza kuti apange kasewero kosavuta ka timatabwa tiwiri ndi kampira, namuuzanso kuti ndi oda ya kampani ya General Electric, pomwe oda yoteroyo padalibe. Alcorn, posadziwa kuti akungomuyesa, adaikapo mtima wake wonse: kathabwa kalikonse adakagawa zigawo zisanu ndi zitatu kuti mpira uzibwerera mopendama molingana ndi pamene wagunda, nachititsanso kuti uzionjeza liwiro osewera akamabwezerana nthawi yaitali. Makina oyamba a Pong, amene mkati mwake mudali wailesi yakanema wamba yogula m'sitolo, adawaika mu bala ya Andy Capp's Tavern ku Sunnyvale, m'chigawo cha California. Posakhalitsa woyang'anira bala adaimba lamya kuti makina afa. Alcorn atafika natsekula kachitseko ka pansi, taonani, nthenda yake idali kukhuta: makobidi a masenti 25 adadzaza chotengera mpaka kusefukira, kotero kuti lina lidasowa polowera.

Tingalakwe tikapitirira osamutchula Ralph Baer, Myuda wobadwira ku Germany amene adathawako ndi makolo ake m'chaka cha 1938, pakuti iyeyu ndiye adayamba, kuchokera mu 1966, kufufuza momwe wailesi yakanema ya m'nyumba ingasandukire bwalo la masewera, ndipo chida chake, Magnavox Odyssey, chidafika m'masitolo m'chaka chomwecho cha 1972. Bushnell adaonerako chionetsero cha chidacho miyezi ingapo Pong isanabadwe, nalemba dzina lake m'buku la alendo. Tsono kampani ya Magnavox itatengera nkhani kubwalo la milandu dzina lija lidamutsata, ndipo mu 1976 Atari idavomera kulipira Magnavox oweruza asanagamule.

Koma khobidi lidadza ndi malamulo ake, ndipo munthu akapanda kuwadziwa adzangodabwa chifukwa chimene masewera akale adali ankhanza chotero. Makina amenewa sankagulidwa ndi osewera ayi. Ankagulidwa ndi amalonda amene ankawamwaza m'mabala, m'malesitilanti, m'malo ochapira zovala ndi m'nyumba zotchedwa arcade, nabwera pa tsiku loikika ndi makiyi awo kudzagawana ndalama ndi mwini malo, kawirikawiri pakati ndi pakati. Kwa wamalonda woteroyo masewera abwino adali amene amapha mlendo msanga, mphindi ziwiri kapena zitatu zisanathe, koma kumupha mwa njira yoti adziimbe mlandu yekha, osati makina. Mkati mwa kabati mudali timaswitchi tobisika tosinthira chiwerengero cha miyoyo ndi kuvuta kwa masewera. Ndipo kampani isanayambe kupanga makina ambiri inkayamba yaika amodzi pamalo a anthu ndi kuwerenga makobidi, amene akachepa, ntchito ya miyezi yambiri inkathera pomwepo. Komabe pangano limeneli lidali ndi mbali yokomera wosauka, pakuti khobidi limodzi linkagula mwayi wofanana kwa mwana wa dokotala ndi mwana wa wosesa mumsewu, ndipo wa luso ankatha kukhala ola lathunthu pa ndalama imene mnzake adaitaya m'kuphethira kwa diso.

Pangano limeneli lidakhwimira ku Japan. Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito adatha pafupifupi chaka akupanga Space Invaders, kujambula yekha, kulemba pulogalamu yekha ndi kulumikiza zida zomwe, kufikira idatuluka m'chaka cha 1978. Poyamba adalingalira za ndege ndi akasinja, kenaka za asilikali. Koma akuluakulu a kampani adakana zoti anthu aziombera zithunzi za anthu anzawo, motero adani adasanduka zilombo za kumwamba zooneka ngati nkhanu ndi zamoyo zina za m'nyanja. Zidalipo 55, mizere isanu ya khumi ndi chimodzi, zikuyenda cham'mbali, zikafika kumalire n'kutsikira pafupi, pamene wosewera ali pansi ndi kamfuti kake kuseri kwa malinga anayi amene ankagumuka pang'onopang'ono ndi zipolopolo za adani ndi zake zomwe. Ndipo apa padachitika chinthu chimene mmisiri sadachikonze: ubongo wa makinawo udali wofooka, kotero kuti zilombo zikakhalapo zonse unkazisuntha mwaulesi, koma zikamachepa ntchito inkaupepukira ndipo zotsalazo zinkathamanga, mpaka chotsiriza chinkachita kuuluka. Wina akadachiyesa chilema nachichotsa. Nishikado adachisiya, ndipo kugunda kwa mawu anayi kotsagana ndi mayendedwe a zilombozo kunkafulumira pamodzi nazo, mtima wa wosewera n'kumatsatira. Masewerawa adalibe mapeto. Ukatha gulu limodzi, lina linkabwera litayambira pafupi koposa, ndipo chotsalira munthu chidali nambala yake yokha, imene makina ankaisunga pamwamba pa galasi kuti wobwera pambuyo aione ndi kuchita nayo nsanje. M'mizinda ya Japan mudatsegulidwa nyumba zopanda china chilichonse koma makina amenewa, ndipo eni malo omwera khofi adatulutsa matebulo awo nalowetsa ena a galasi okhala ndi masewerawo pansi pake. Imamveka mbiri yoti makobidi a 100 yen adasowa m'dziko lonse chifukwa cha Space Invaders. Ofufuza amene adatsata nkhaniyi amati ndi nthano chabe, ndipo n'zomveka, popeza khobidi lolowa m'makina lero limabwerera kubanki pamene mwini wake watsekula bokosi.

Koma nambala yopanda dzina la mwini wake siikhutitsa mtima. Mu 1979 Atari idatulutsa Asteroids, ya Lyle Rains ndi Ed Logg, imene idafalitsa mwambo woti wochita bwino alembe zilembo zitatu za dzina lake pamndandanda wa opambana khumi. Ndipo zilembo zitatuzo zidakhala ufumu wa anyamata ambiri amene kusukulu ndi kunyumba sankawerengedwa kanthu. Nyumba za arcade zidali zamdima, kuti magalasi awale bwino, zodzaza utsi wa fodya ndi phokoso la makina makumimakumi olira nthawi imodzi, ndipo zidali ndi mwambo wake wosalembedwa: wofuna kusewera pambuyo pa mnzake ankaika khobidi lake m'mphepete mwa galasi, makobidi n'kundanda monga eni ake adafikira, popanda wogwira la mnzake. Katswiri akaima pamakina, anthu ankamuzinga kumbuyo monga amazingira akuluakulu awiri a bawo pansi pa mtengo pamsika, ena kulangiza osafunsidwa, ena kungoba nzeru ndi maso, pakuti mabuku ophunzitsa adali ochepa ndipo ambiri adaphunzirira posuzumira paphewa la mnzawo. Walter Day, mwini nyumba ya Twin Galaxies m'tauni yaing'ono ya Ottumwa ku Iowa, adayamba mu 1982 kufalitsa nambala zapamwamba za m'dziko lonse, kuti wa ku California adziwe ngati wa ku Florida adamuposa.

Toru Iwatani wa kampani ya Namco, poona kuti nyumba zimenezi zadzaza amuna okhaokha ndi kuomberana kokhakokha, adafuna kupanga masewera amene atsikana angalowere, nasankha chinthu chimene mtundu uliwonse wa anthu umachidziwa, ndicho kudya. Pac-Man, ya 1980, ndi kamutu kachikasu kokhala ndi pakamwa pokha, koyenda m'njira zokhotakhota kumameza timadontho 240 uku mizukwa inayi ikukathamangitsa. Ndipo chakungodya zinayi kuli madontho aakulu amene, kakameza limodzi, wosaka amasanduka wosakidwa kwa kanthawi. Luso lalikulu lidabisika m'mizukwayo, pakuti uliwonse udapatsidwa khalidwe lakelake: wofiira umalondola pamene iwe uli, wapinki umathamangira kutsogolo kwako kukakutchingira, wabuluu umayenda molingana ndi pamene wofiira uli, ndipo wa mtundu wa lalanje umakutsata kufikira utayandikira, kenaka n'kutembenuka kubwerera kungodya kwake ngati wachita mantha. Ku America kokha kudagulitsidwa makina oposa 100,000. Popeza mizukwayo inkamvera malamulo osasintha, akatswiri adaloweza njira zoyendamo osagwidwa, mpaka ena adafika kumene opanga sadayembekeze kuti munthu adzapondako: pa gawo la 256 chowerengera magawo chimasefukira, theka la galasi limadzaza zilembo zopanda tanthauzo, ndipo ulendo umathera pomwepo. Wodya chilichonse chodyeka kufikira pamenepo, osafa ndi kamodzi komwe, amapeza 3,333,360, ndipo palibe angapitirire apo.

Nintendo, kampani ya ku Kyoto imene idayamba mu 1889 ndi kupanga makadi osewerera, idatchuka m'bwaloli chifukwa cha tsoka. Nthambi yake ya ku America idatsala ndi makina pafupifupi 2,000 a Radar Scope amene palibe ankawafuna, ndipo wojambula wachinyamata, Shigeru Miyamoto, amene sadali injiniya, adapatsidwa ntchito yopeza masewera ena oti aikidwe m'makabati omwewo. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Miyamoto adabweretsa nkhani: chinyani chaba mkazi, ndipo kalipentala akukwera makwerero ndi kudumpha migolo kuti akamulanditse. Chipewa ndi ndevu za pamlomo za kalipentalayo zidabwera chifukwa timadontho tojambulira tidali tochepa, tosakwanira tsitsi ndi pakamwa. Donkey Kong ya 1981 idapulumutsa nthambi ija, ndipo kalipentala uja ndiye Mario.

Akuluakulu sadangopinda manja. Mu 1981 Pulezidenti Ferdinand Marcos adaletsa makina amenewa m'dziko lonse la Philippines. Chaka chomwecho phungu George Foulkes adapempha nyumba ya malamulo ya Britain kuti ipatse makhonsolo mphamvu zowalamulira, ponena kuti ana akujomba kusukulu ndi kuba ndalama, koma pempho lake lidagwa ndi mavoti 114 kwa 94. Ndipo tauni ya Marshfield ku Massachusetts idaika chiletso mu 1982 chimene chidakhalapo mpaka 2014. N'chapafupi kuwaseka lero makolo amenewo, koma ine sindiwaseka kwenikweni, pakuti adaona bwino lomwe kuti makinawo adapangidwa mwadala kuti asiye mwana akali ndi njala. Chimene chidawaphonya n'chakuti mwana womuchotsa pagulu lija adzamupeza mawa ali yekha kuchipinda ndi masewera omwewo, kopanda ngakhale mnzake womuona.

Ndipo kuchipindako n'kumene nkhani idalowera. Atari, imene Warner Communications idaigula mu 1976 pa madola 28 miliyoni, idatulutsa mu 1977 chida cha m'nyumba cholandira timakaseti, ndipo Space Invaders itaikidwa pa kaseti mu 1980 chidachi chidayenda malonda koposa kale lonse. Phindu litaoneka, makampani osawerengeka adathamangira kupanga makaseti, ambiri a iwo achabechabe, ndipo Atari yomwe idapatsa Howard Scott Warshaw masabata osakwana asanu ndi limodzi kuti apange masewera a filimu ya E.T., poti apezeke m'masitolo pa Khrisimasi ya 1982. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ogula adatopa, masitolo adabweza katundu, Atari idataya madola oposa 500 miliyoni m'chaka cha 1983, ndipo mu Sepitembala chaka chimenecho malole adakataya makaseti osagulidwa kudzala la Alamogordo, m'chipululu cha New Mexico, nawathira simenti pamwamba. Ambiri ankaiyesa nthano kufikira mu 2014 pamene anthu adakumba nawapeza. Nyumba za arcade nazo, zimene zidachuluka kuposa osewera, zidayamba kutsekedwa. Nintendo ndiyo idadzutsa msika wa m'nyumba ndi Famicom ya 1983, imene idafika ku America mu 1985 ndi dzina la NES. Ndipo pokumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, idaika loko m'chida cha ku Americacho kuti kaseti yosavomerezedwa ndi iyo isagwire ntchito.

Eni makina a makobidi, poona kuti ana akutsalira kunyumba, adasintha pangano lakale, ndipo pamenepa, m'kuona kwanga, ndi pamene nyumba yawo idayamba kupendekera. Kudafala mwambo woti munthu akafa, galasi liziwerenga chobwerera m'mbuyo, kumuitana kuti aponye khobidi lina ndi kupitiriza pomwe adagwera; mu Gauntlet ya 1985 moyo wa wosewera unkatsika wokha ngakhale mdani asanamukhudze, ndipo njira yachidule youbwezera idali khobidi. Kuyambira pamenepo wa thumba lolemera ankatha kuona mapeto a masewera popanda luso, ndipo nambala ya pamwamba idayamba kutaya ulemu wake. Ulemuwo udabwerako kanthawi ndi Street Fighter II ya kampani ya Capcom mu 1991, momwe anthu awiri ankamenyana ataima moyandikana, wopambana n'kukhalabe pamakina, wogonja n'kupita kumapeto kwa mzere kukapisa m'thumba. Mdani sadalinso makina, adali mnzako wa m'dera lomwelo amene mawa udzakumana naye panjira. Koma PlayStation itatuluka mu 1994 zithunzi za kunyumba zidayamba kufanana ndi za ku arcade, ndipo chotulukira panja chidachepa. Ku Japan nyumbazi zidalimbako, komabe nazonso zidatsika kuchoka pa zoposa 26,000 mu 1986 kufika pafupifupi 4,000 mu 2019, ndipo china mwa zozifooketsa chidali khobidi lomwelo: mtengo wa kusewera udakakamira pa 100 yen, popeza kabowo kadazolowera khobidi limodzi, pamene msonkho wa pa malonda udakwera kuchoka pa 3 peresenti mu 1989 kufika pa 10 peresenti mu 2019, mwini nyumba n'kumaulipira za m'thumba mwake.

Kwathu kuno nyengo imeneyi idatidutsa patali, pakuti dziko la Malawi lidalibe wailesi yakanema yakeyake kufikira 1999. Amene adakulira m'matauni a South Africa amakumbukira makina a m'timasitolo ta pangodya olandira masenti 20. Koma ambiri a ife tidakumana ndi mbadwo umenewu mochedwa, utavala zobwereka: kachida ka m'manja ka ku China kolonjeza masewera 9999 pomwe mkati mudali ochepa obwerezedwabwerezedwa, mkulu wa onse ali wa njerwa zogwa, mdzukulu wa Tetris amene Alexey Pajitnov adapanga ku Moscow mu 1984. Padalinso makina otsanzira Famicom ndi timakaseti tawo ta Mario. Ndiponso kanjoka ka pa Nokia 3310. Timashopu ta magemu ta m'malokeshoni, kumene ana amalipira gemu imodziimodzi ya mpira anzawo atazinga kumbuyo kudikira kuti woluza achoke, ndito tasunga mwambo wa arcade, ngakhale kuti kabati yeniyeni ambiri a anawo sadaioneko.

Anyamata a 1982 lero ndi agogo, ndipo monga achitira anthu onse imvi zikamera, abwerera kukafuna za ubwana wawo. Mu 1997 Nicola Salmoria wa ku Italy adayambitsa MAME, pulogalamu yochititsa kompyuta wamba kutsanzira makina akale, imene lero yasunga masewera zikwizikwi amene makabati ake adaola kale. Nyumba yosungira zaluso ya MoMA ku New York idalandira Pac-Man ndi Tetris pakati pa chuma chake mu 2012. Ndipo ku Brookfield, pafupi ndi Chicago, Galloping Ghost Arcade, yotsegulidwa mu 2010, ili ndi makina mazanamazana. Koma kumeneko umalipira kamodzi pakhomo, ndipo makina onse adawatchera kuti azisewereka ulere. Bambo amene kale ankatuluka thukuta m'manja podziwa kuti khobidi lomaliza lili mkati, lero amafa kakhumi n'kungodina batani akuseka, ndipo akadabwa kuti masewera aja azizira bwanji, chimene chachokamo ndi mantha a ndalama yake. Nkhawa ya osunga makinawa tsopano ili pa zida. Mafakitale adaleka kupanga magalasi akale a chimimba kumbuyo amene zithunzi zija zidajambulidwira, ndipo pa magalasi opyapyala a masiku ano mitundu ndi mayendedwe sizioneka chimodzimodzi, makamaka Asteroids imene inkajambula ndi mizere ya kuwala osati timadontho. Chotero amisiri amayendayenda kogulitsa zakale ndi kotaya zinyalala kutola mawailesi akanema otayidwa, kuwachotsa magalasi ndi kuwaika m'makabati, kusintha timakapasita touma ndi kuwotcherera mawaya oduka, ndipo kawirikawiri amaphwasula makina amodzi kuti apeze zokonzera ena.